Masters ikatha, ntchito ili kuti? Zimene uphungu wa ntchito umachita kwa ophunzira madigiri apamwamba

Mu Lilongwe muno anthu ochita digiri yachiwiri achuluka. Ena ali ku Bunda, ena amathamangira makalasi a madzulo kapena a Loweruka akaweruka ku ntchito, ena ali ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central, enanso akuphunzira pa intaneti ndi masukulu akunja. Pamodzi ndi kuchulukako pabwera mawu amene akuzungulira m'magulu a WhatsApp: msonkhano wa za ntchito, mentor, IDP, luso losamutsika. Mabungwe ena olipirira kafukufuku amafuna kuona dongosolo la tsogolo la wophunzira asanatulutse ndalama. Makolo amene anagulitsa fodya kapena soya kuti mwana aphunzire akamva zimenezi amaganiza kuti sukulu ikumupezera ntchito. Wophunzira naye amapita ku msonkhanowo atanyamula CV mu envelopu, n'kubwerako atakhumudwa poti palibe amene wamulemba.

Kusamvanaku sikuchokera pa umbuli wa wina aliyense. Zinthu zimenezi zinayambira m'mayiko ena, pa nthawi zosiyana, pofuna kuthetsa mavuto a kumeneko, ndipo kuno zafika nthawi imodzi. N'chifukwa chake ndi bwino kuziona chimodzichimodzi.

Madigiri apamwamba ndi eni ake

Digiri yoyamba imaphunzitsa munthu zimene ena anapeza kale. Masters, imene kuno kawirikawiri imatenga zaka 2, imamuzamitsa pa gawo limodzi, ndipo nthawi zambiri imathera pa kafukufuku wa iye mwini. PhD imafuna kuti munthu atulukire chinthu chimene sichinkadziwika, ndipo imadya zaka 3, 4, pena kuposerapo. PhD yoyezedwa ndi kafukufuku choteroyi inazika mizu ku Germany, makamaka yunivesite ya Berlin itatsegulidwa mu 1810, ndipo inkasula anthu odzaphunzitsa ndi kufufuza m'mayunivesite momwemo. Mpaka lero maphunzirowa amakonzedwa ngati kuti aliyense adzakhala lekichala, chikhalirecho mipando ya ulekichala ndi yochepa kulikonse padziko.

Kwathu kuno University of Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kwa zaka zambiri wofuna kupitirira digiri yoyamba ankakwera ndege. Funso la ntchito silinkasowetsa tulo kwenikweni, pakuti ambiri ankatumidwa ndi boma kapena ndi yunivesite, ndipo mpando unkawadikira. Zasintha tsopano. Bunda, imene ili makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni, cha ku Mitundu, inachoka mu University of Malawi n'kukhala phata la yunivesite ya zaulimi ya LUANAR mu 2012. Mu 2021 Kamuzu College of Nursing inaphatikizana ndi College of Medicine kupanga KUHeS. Kudzera mu RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa womwe unayamba mu 2004, Bunda inayamba kuphunzitsa PhD ya ulimi wa nsomba ndi ya chuma cha ulimi kwa ophunzira a m'mayiko angapo. Masukulu omwe si aboma nawo atsegula mapulogalamu awo, ndipo bungwe la NCHE, lomwe linabwera ndi lamulo la 2011, ndi limene limaunika ngati pulogalamu ili yovomerezeka. Kufunsa ku NCHE fizi isanalipidwe ndi uphungu wa ntchito woyambirira ndithu, ngakhale palibe amautcha choncho.

M'kalasi imodzi ya Masters mumakhala anthu osiyana kwambiri. Muli wogwira ntchito ku Capital Hill amene wapatsidwa tchuthi cha maphunziro ndipo anasaina kuti adzabwerera ku unduna wake. Muli mnyamata amene anamaliza digiri yoyamba, n'kuyenda ndi makalata zaka ziwiri osaitanidwa ku intavyu, mpaka achibale anasonkherana kuti apitirize sukulu kusiyana n'kukhala pakhomo. Mulinso mtsikana amene fizi yake ikulipidwa ndi pulojekiti ya kafukufuku, ndipo pulojekitiyo ikatha ndalama zathanso. Woyambayo akufuna kudziwa ngati pepalali lidzamukweza. Wachiwiriyo akuopa kubwerera ku ulova ali ndi mapepala awiri m'malo mwa limodzi. Wachitatuyo sakudziwa ngati apitirire ku PhD kapena atuluke. Msonkhano umodzi wophunzitsa kalembedwe ka CV sungayankhe onsewa, ndipo apa ndi pamene madandaulo ambiri amayambira.

Uphungu wa ntchito

Uphungu wa ntchito ndi thandizo loti munthu adziwe zimene amatha, adziwe ntchito zimene zilipo, kenako asankhe yekha n'kukonza njira yake. Mbiri yake imayambira ku Boston, ku America, kumene Frank Parsons anatsegula ofesi yolangiza achinyamata mu 1908. Ambiri mwa amene ankawathandiza anali ana a mabanja osauka ongobwera kumene m'dzikomo, omwe ankangolowa ntchito iliyonse imene yapezeka. Parsons anamwalira chaka chomwecho, koma buku lake lomwe linatuluka mu 1909 linasiya mfundo zitatu zimene alangizi akuzitsatabe: dzidziwe wekha, dziwa ntchito ndi zofuna zake, ndipo lingalira modekha mmene ziwirizi zikugwirizanirana.

Aliyense amene anakulira kumudzi amamudziwa mlangizi wa zaulimi. Akafika pamunda salima, sagula feteleza, ndipo salonjeza kuti mvula igwa. Amaona nthaka, amafunsa zimene munabzala chaka chatha ndi ndalama zimene muli nazo, amakuuzani mbewu zimene zikuyenda malonda, ndiye mwini munda amasankha pakati pa soya ndi mtedza. Mlangizi wa ntchito amagwira chimodzimodzi. Akamaliza nanu ntchito imakhala isanapezeke, koma mumakhala mutadziwa kumene mukuifunira ndi chimene chikukusowani.

Pali zinthu zina zimene anthu amazisokoneza ndi uphunguwu. Kampani yosakira mabwana antchito imalipidwa ndi bwana, choncho imaona zofuna za bwanayo. Pulogalamu ya boma ya internship, imene inayamba mu 2018 pansi pa unduna wa zantchito, imaika omaliza maphunziro m'maofesi a boma kwa kanthawi kuti aphunzireko ntchito akulandira alawansi. Imeneyi ndi njira yopezera luso, koma si ntchito yokhazikika ndipo si uphungu. Ndiye pali aja amatumiza uthenga woti malo alipo, tumizani kandalama pa foni kuti dzina lanu lilowe. Amenewo ndi akuba basi, ngakhale atalemba Chingerezi chosalala chotani.

Kufufuza ntchito

Kufufuza ntchito n'kosiyana ndi kufunsira ntchito. Wofunsira amakhala atasankha kale, akungotumiza makalata. Wofufuza akufuna kudziwa kaye njira zimene zilipo, ndipo nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi chaka choyamba cha maphunziro, mutu wa kafukufuku usanatsekedwe, chifukwa mutuwo ndi umene udzamuonetse kwa mabwana kuti ndi katswiri wa chiyani.

Mbali yoyamba ndi yodziunika. Katswiri wina wa ku America, John Holland, anayamba kufalitsa maganizo ake mu 1959 akuti anthu ndi malo a ntchito angagawidwe m'magulu 6: okonda zamanja ndi zipangizo, okonda kufufuza, okonda zaluso, okonda kuthandiza anthu, okonda kutsogolera ndi kugulitsa, ndi okonda dongosolo ndi manambala. Mafunso ambiri a pa intaneti oyeza ntchito yomuyenera munthu anachokera pamenepa. Amathandiza kuyambitsa maganizo, koma anayesedwa kwambiri pa anthu a kumayiko a azungu, ndipo safunsa kuti kwanu mukulipirira fizi azing'ono anu angati, kapena ngati ngongole ya digiri yoyamba ya ku HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama ophunzira, mwayamba kubweza. Ine ndimaona kuti mafunso awiri omalizawa amasankhira anthu ambiri ntchito kuposa gulu lililonse la Holland, ndipo mlangizi wanzeru amawafunsa msanga popanda kumuchititsa munthu manyazi.

Mbali yachiwiri ndi yodziwa msika, ndipo apa Lilongwe ali ndi mwayi umene ophunzira ambiri sauona. Likulu la dziko linasamukira kuno mu 1975, choncho maunduna ali ku Capital Hill, Reserve Bank ili ku City Centre, ndipo bungwe la National Planning Commission, lomwe linakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063 mu Januwale 2021, lili mumzinda momwe muno, monganso NCST yoona za sayansi. Pamsewu wa ku Mchinji pali Chitedze, malo akafukufuku wa zaulimi a boma, kumene mabungwe akunja monga ICRISAT ndi IITA amagwiriranso ntchito. Pa Kamuzu Central pali UNC Project, Baylor ndi Lighthouse kwa a zaumoyo. Ounika ndondomeko za ulimi ali ndi MwAPATA ndi IFPRI. Kuli NASFAM, kuli makampani a fodya ndi a mbewu ku Kanengo, kuli mHub kwa ofuna kuyamba bizinesi ya zamakompyuta. Malo amenewa amafuna anthu osiyana. Boma limalemba ntchito potsata magiredi, ndipo Masters payokha sikweza munthu ngati palibe mpando wopanda mwini. Yunivesite imafuna PhD ndi zolemba zosindikizidwa m'majenale kuti munthu akwere. Mabungwe omwe si aboma kawirikawiri amalipira bwino koma pa kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Kampani imafunsa kuti mutipindulira chiyani, ndipo mutu wa kafukufuku wanu suwasangalatsa pokhapokha ukhudze malonda awo.

Njira yosalira ndalama yodziwira msika ndi kusonkhanitsa zolengeza ntchito za m'gawo lanu, za m'nyuzipepala ndi za pa intaneti, ngakhale zimene tsiku lake linadutsa, n'kuziwerenga muli ndi cholembera m'manja. Dzina la ntchito musalilabadire kwambiri. Pitani pamene alemba zoyenera kudziwa, ndipo mulembe mzere pansi pa chilichonse chimene chikubwerezedwa. Tiyerekeze wophunzira wa ku Bunda amene akufufuza za chuku m'mtedza. Akasaka ntchito yotchula chuku angapeze imodzi pachaka, mwinanso osaipeza. Koma akawerenga bwino apeza kuti zolengeza zambiri zikufuna munthu wodziwa kusanthula deta ndi mapulogalamu a pakompyuta a Stata kapena R, wodziwa kukonza mafunso a pa tabuleti, wolemba lipoti lomveka, woti anayendetsapo gulu la anthu kumidzi. Zonsezi akuzichita kale pa kafukufuku wake, kungoti sanaziwerengere ngati luso.

Mbali yachitatu ndi imene imativuta ife Amalawi: kupita kwa munthu amene akugwira kale ntchitoyo n'kumufunsa. Safunsa anadya phula, timatero, komabe mwana wasukulu kuti agogode pa ofesi ya munthu wamkulu popanda womutuma zimaoneka ngati mwano, ndipo wamkuluyo akangomuona amaganiza kuti wabwera kudzapempha ntchito kapena ya thiransipoti. Choncho mawu oyamba ayenera kuchotsa mantha amenewo. Uthenga wake ungakhale wotere: "Mayi, pepani kukusokonezani. Ine ndine wophunzira Masters ku Bunda, ndikufufuza za chuku m'mtedza. Sindikupempha ntchito ayi. Ndimati mutandipatsako mphindi 20, tsiku lililonse limene mungamasuke, ndimve mmene munafikira pa ntchito imene mukugwirayi." Akavomera, mafunso ake akhale a zinthu zimene sizilembedwa pa zolengeza: Lolemba lanu limayenda bwanji kuyambira m'mawa? Ndi luso liti limene mumalakalaka mukanaliphunzira muli kusukulu? Amene amalephera intavyu kuno amaphonya pati? Ndipo potsiriza: alipo wina amene mungandilozere kuti ndikamufunsenso?

Funso lomalizali lili ndi maziko ake. Mu 1973 Mark Granovetter anafalitsa zimene anapeza atafunsa anthu ogwira ntchito za ukatswiri kufupi ndi Boston. Mwa amene anapeza ntchito kudzera mwa munthu, ambiri anauzidwa ndi anthu amene ankaonana nawo mwa apo ndi apo, osati mabwenzi apamtima. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Anzanu apamtima amamva zimene inu mwamva kale, pomwe munthu wapatali amayenda m'magulu ena. Kuno wina akamva zimenezi amati, basi, ndiye kudziwana kuja. Pali kusiyana kumene kuyenera kunenedwa momveka. Kumva kwa munthu kuti malo atuluka, n'kukapikisana nawo poyera, ndi nkhani ina. Kupatsidwa malo chifukwa ndinu mphwake wa bwana, ena oyenera atasiyidwa, ndi kukondera, ndipo kukakhala ndi ndalama pakati ndi katangale. Alangizi amaphunzitsa choyambacho. Koma n'zoonanso kuti mwana wa ku Area 10 amabadwa akudziwa kale anthu amene mwana wa ku Nsundwe ayenera kuwasaka ndi thukuta, ndipo ena amati ntchito yeniyeni ya ofesi ya uphungu ndi kuchepetsa mpata umenewo.

IDP

IDP ndi pepala limene wophunzira amalembapo kumene akufuna kukafika, luso limene ali nalo, limene likusowa, ndi zimene achite mwezi ndi mwezi kuti alipeze. Amalikambirana ndi womuyang'anira, n'kumalibwereza kamodzi kapena kawiri pachaka. M'maofesi munali kale mapepala otere. Ku sayansi analowa mu 2002, pamene mgwirizano wa mabungwe a sayansi ya zamoyo ku America wotchedwa FASEB unakonza fomu ya akatswiri ongomaliza PhD, omwe ambiri ankakhala zaka ndi zaka m'malabu a ena akudikira mpando wa ulekichala wosabwera. Mu 2012 kunatuluka myIDP, ya pa intaneti ndiponso yaulere, imene imayerekeza luso ndi zokonda za munthu ndi njira 20 za ntchito za sayansi. Kuyambira mu 2014 bungwe la NIH, lolipirira kafukufuku wa zaumoyo ku America, linayamba kufuna kuti olandira ndalama zake azifotokoza mmene akugwiritsira ntchito IDP pa ophunzira awo. Amene amachita maphunziro a chikhalidwe cha anthu, mbiri ndi zinenero anapeza yawo mu 2017, yotchedwa ImaginePhD. Popeza kafukufuku wambiri wa zaumoyo mu Lilongwe amayendera ndalama zakunja, mawuwa anafika kuno atakwera mafomu a mapulojekiti.

Kusiyana kwa IDP ndi ndondomeko ya kafukufuku n'kwakuti ndondomekoyo imanena za ntchito, pomwe IDP imanena za munthu. Tibwerere kwa wophunzira wa mtedza uja. Pamwamba pa pepala alemba njira ziwiri, osati imodzi: kulowa m'bungwe lofufuza za ulimi, kapena kukagwira ntchito yoona ubwino wa mbewu pa kampani yogulitsa mtedza kunja. Pansi pake alemba moona mtima kuti za mu labu amazitha, koma R sanaigwirepo ndipo sanayankhulepo pagulu la akatswiri. Ndiye agawa nthawi. Miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ali kumunda, ndipo palibe china chimene chingalowepo. R aiphunzire miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pogwiritsa ntchito deta yake yomwe. Asanamalize chaka achezepo ndi anthu atatu, mmodzi wa ku Chitedze, mmodzi wa pakampani, mmodzi wa ku unduna. Pa chilichonse alembe tsiku, chifukwa mawu oti "ndidzaphunzira" opanda tsiku amangokhala pa pepala.

Kalendala imeneyi ndi imene fomu yochokera kunja siidziwa. Wophunzira zaulimi akaphonya dzinja limodzi chifukwa ndalama za kafukufuku zachedwa, wataya chaka, ndipo sikolashipu siidikira. Wa zaumoyo ayenera kuwerengera nthawi imene komiti yoona za ufulu wa anthu ochitidwa kafukufuku imatenga isanavomereze. Wofuna kupita kunja naye ali ndi masiku ake. Sikolashipu ya Chevening ya ku UK, yomwe inayamba mu 1983, imalipirira Masters ya chaka chimodzi, imafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka 2, ndipo akamaliza abwerere kwawo kwa zaka zosachepera 2. Beit Trust imathandiza nzika za Malawi, Zambia ndi Zimbabwe zokha. Palinso Commonwealth, Fulbright ndi DAAD, iliyonse ndi malamulo ake. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mayeso a Chingerezi, viza ndi tikiti zinakwera mtengo usiku umodzi, kotero dongosolo losatchula kumene ndalama zimenezi zichokere ndi losakwanira.

Supavaiza ndi mentor

Supavaiza amaikidwa ndi yunivesite kuti aonetsetse kuti kafukufuku wachitika moyenera ndipo watha. Mentor ndi munthu amene anayendapo njira imene inu mukuifuna, ndipo wavomera kumakulangizani popanda kukupatsani malikisi. Nthawi zina munthu mmodzi amatha zonse ziwiri. Koma pali zinthu zimene wophunzira amavutika kuwauza a supavaiza, monga kunena kuti, "Adokotala, ine za ulekichala sindikuzifuna, ndikuganiza zoweta nkhuku ndi kupanga chakudya cha ziweto." Supavaiza amene anathera moyo wake wonse mu yunivesite angamve ngati wanyozedwa, ndiponso mwina njira za kunja kwa mpanda wa sukulu sakuzidziwa. Si kuipa mtima. Naye ali ndi makalasi odzaza, ophunzira ambiri owayang'anira, ndi kukwezedwa kwake kumene kumadalira zolemba zotuluka mu kafukufuku womwewo.

Mabungwe ena a mu Africa anaona kuti zimenezi zisasiyidwe kwa mwayi. AWARD, imene inayamba mu 2008 ku Nairobi, imalumikiza amayi ofufuza za ulimi ndi akatswiri akuluakulu oti aziwalangiza mwadongosolo, ndipo Amalawi akhala akupindula nayo. CARTA, yoyambanso mu 2008, imasonkhanitsa ochita PhD za umoyo wa anthu ochokera m'mayunivesite angapo, kuphatikizapo a ku Malawi, kuti aphunzire limodzi kulemba, kupempha ndalama za kafukufuku ndi kutsogolera. Mapulogalamu otere amafikira anthu ochepa osankhidwa, ndipo otsalawo amadzisakira okha kutchalitchi, kumzikiti, m'magulu a amene anaphunzira sukulu imodzi, ngakhale pamaliro.

Luso losamutsika

Awa ndi maluso amene munthu amawapeza pochita kafukufuku koma amagwira ntchito kulikonse: kulemba momveka, kusunga bajeti, kusanthula manambala, kuyankhula pagulu, kuyendetsa anthu. Nkhaniyi inakula ku UK mu 2002, pamene lipoti la Sir Gareth Roberts linapeza kuti mabwana ankadandaula kuti omaliza PhD ndi ozama pa kanthu kamodzi koma osakonzeka kugwira ntchito kunja kwa yunivesite. Lipotilo linapempha kuti wochita PhD aliyense azipatsidwa masabata osachepera 2 pachaka ophunzira maluso amenewa. Boma la kumeneko linaikapo ndalama, ndipo mu 2008 kunabadwa bungwe la Vitae loona za chitukuko cha ofufuza.

Kumene lusoli limaonekera kapena kubisika ndi pa CV. CV yopita ku yunivesite imatalika, imandandalika zolemba zonse, misonkhano ndi makalasi amene munthu anaphunzitsa. Yopita ku bungwe kapena ku kampani imafupika, masamba awiri akwana, ndipo imanena zimene munthu anachita. Amene analemba kuti "ndinachita kafukufuku wa chuku" wanena zoona, koma wabisa kuti anaphunzitsa ofunsa mafunso, anakambirana ndi mafumu kuti alowe m'midzi, anasunga malisiti a mafuta mpaka ndalama zonse zinalongosoka, ndipo anafotokozera alimi zotsatira zake m'Chichewa. Kwa bwana wa pulojekiti zimene wabisazi ndi zimene zikulankhula.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la udindo. Ena amati yunivesite imene yalandira fizi iyenera kukhala ndi ofesi ya uphungu yokhala ndi anthu ophunzitsidwa ntchitoyo. Ena amayankha kuti sukulu imene ikuvutika kugula mankhwala a mu labu ndi kulipira magetsi singayambe ndi zimenezo, ndipo kuti wochita Masters ndi munthu wamkulu woti adziyendere. Pakati pawo pali amene akuti ntchitoyi ikhale mbali ya maphunziro enieniwo, izipatsidwa malikisi, kuti isamadikire pulojekiti ya azungu. Nanga akaiika pa masupavaiza, ndani awaphunzitse, ndipo nthawi yake aichotse pati?

Lachiwiri n'lakuti uphungu ungathandize kufika pati ngati ntchito zenizenizo zili zochepa. Kafukufuku wa boma wa 2013 anapeza kuti anthu 89 mwa 100 alionse ogwira ntchito m'dziko muno ali pa ntchito zosakhazikika, zopanda kontirakiti kapena chitetezo cha malamulo. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja, kenako USAID inatsekedwa, ndipo mu Lilongwe anthu ambiri a Masters amene ankadalira mapulojekiti anapezeka ali pakhomo, ngakhale amene anakonza bwino tsogolo lawo. Otsutsa amati kuphunzitsa munthu kulemba CV pa nthawi yotere n'kumusenzetsa mlandu wa chuma cha dziko. Ogwirizana ndi uphunguwu amati nthawi yotereyi ndi imene munthu amafunika kudziwa njira yachiwiri. John Krumboltz ndi anzake analemba mu 1999 kuti ntchito za anthu ambiri zimabwera mwangozi, ndipo chimene mlangizi angachite n'kumukonzekeretsa munthu kuti mwayi ukadutsa auzindikire. Kodi maganizo amenewa ndi yankho kwa munthu amene lendi ya ku Area 25 ikumudikira pa 30, kapena ndi chitonthozo chabe?

Pali funso la kupita kunja. Mlangizi amene wathandiza namwino wa Masters kupeza ntchito ku UK wamuthandiza munthuyo ndi banja lake, pomwe wodi ya pa Kamuzu Central yataya katswiri amene dziko linamuphunzitsa. Mlangizi aime ndi wophunzira kapena ndi dziko? Funso la bizinesi nalo silinathe. Mawu oti achinyamata adzilembe okha ntchito amamveka pa mwambo uliwonse wopereka madigiri, koma mpamba, chiwongoladzanja cha kubanki ndi kusowa kwa ndalama zakunja sizisintha chifukwa munthu wavala gauni, ndipo anthu sagwirizana ngati kulimbikitsa wa PhD kuyamba bizinesi n'kugwiritsa ntchito bwino maphunziro ake kapena n'kuwataya.

Ndiye palinso nkhani ya umboni. Wolowa Masters amalipira mamiliyoni a kwacha, ndipo angafune kudziwa kuti amene anamaliza pulogalamu yomweyo zaka 3 zapitazo ali kuti lero, angati akugwira ntchito ya maphunziro awo, angati anakwezedwa, angati anabwerera pa mpando womwe uja. Kodi kutsata omaliza maphunziro kotereku kukhale ntchito ya yunivesite iliyonse payokha, imene ingakonde kuonetsa zabwino zokhazokha, kapena NCHE izikufuna isanavomerezenso pulogalamu, ndipo zotsatira zake ziziikidwa poyera kuti wofuna kulembetsa aziwerenge asanalipire?